Handulo ya composite pa njinga yamoto ya m'tchire: kugula, kumanga ndi kuyendera mukagwa

Funso limeneli likundipeza pafupipafupi kuchokera kwa anzanga okwera njinga zamoto m'mapiri ozungulira Blantyre: "Achimwene, ndikufuna handulo ya carbon, ndigule iti, nanga angandimangire ndani?" Ndaganiza zolemba kamodzi zonse zimene ndimayankha, kuti wofuna aziwerenga yekha ali phee, asanatulutse ndalama. Chachikulu chimene ndikufuna mutenge n'chakuti handulo ya mtunduwu imawonongeka kawirikawiri ndi dzanja la woimanga, njinga isanakwere n'komwe Michiru kapena Ndirande. Amakaniko athu ndi aluso, koma luso lawo analiphunzirira pa chitsulo, ndipo zimene chitsulo chimapirira, composite siipirira.

Tikamati composite tikunena chinthu chopangidwa pophatikiza zinthu ziwiri zosiyana. Pa mahandulo, kawirikawiri umakhala ulusi wa carbon, wopyapyala kuposa tsitsi, woyalidwa m'magawo ambirimbiri ndi kumatidwa ndi utomoni wa epoxy. Ena ndi a carbon yekhayekha kuchokera mbali ina kufika mbali ina. Ena ndi osakaniza, monga ProTaper ACF, amene kunja kwake ndi aluminiyamu koma mkati muli carbon. Ubwino wake ndi kupepuka, komanso wopanga amatha kuyala ulusiwo mwanjira yoti handulo izigonja pang'ono ikamenyedwa ndi bampu, manja asalandire nkhonya yonse. Kuipa kwake mukumvetsa mukaganiza za nsungwi: m'litali mwake ndi yolimba zedi, mukhoza kuikoka kapena kuiweramitsa, koma mukaiponda kapena kuipana mwamphamvu pakati imang'aluka, ndipo ikang'aluka palibe kuibweza. Chitsulo chimapindika n'kukuonetsani kuti chavulala. Carbon imatha kuoneka yabwinobwino kunja magawo a mkati atalekana kale.

1. Yambani mwatsimikiza kuti vuto lanu ndi handulo

Ambiri amene amandifunsa akudandaula dzanzi m'manja ndi kuwawa kwa mikono akayenda msewu wa fumbi wokhala ndi timizere, ngati ya ku Neno kapena njira za m'minda ya tiyi ku Thyolo. Musanagule kanthu, onani zinthu izi. Mpweya wa m'matayala: opopa m'mbali mwa msewu amakonda kupopa mpaka tayala lilimbe gwa, ndipo tayala lotero limapereka mwala uliwonse m'manja mwanu, tsatirani mlingo wa m'buku la njinga yanu. Mabawuti ogwira injini: akakhwepa, njinga yonse imanjenjemera. Mabering'i a pakhosi pa njinga, masipoko okhwepa, mafuta a m'mafoloko amene sanasinthidwepo chigulireni, malabala ogwirira amene anauma ndi dzuwa. Zonsezi ndi zotchipa kukonza kuyerekeza ndi handulo yochokera kunja. Onaninso kagwiridwe kanu, chifukwa wokwera amene safinya thanki ndi mawondo amatsamira thupi lonse pa manja.

Ndinene maganizo anga poyera. Ngati muli ndi Yamaha DT125, AG200, Honda XL125 kapena XR150L yogwirira ntchito, mumapita nayo kumidzi, imagwa m'matope nyengo ya mvula ndipo imakonzedwa ndi makaniko aliyense amene mwamupeza pa trading centre, handulo yabwino ya aluminiyamu ikutumikirani bwino kuposa ya carbon. Composite ndi ya munthu amene njinga yake amaigwira yekha kapena ali ndi makaniko mmodzi womvera malangizo. Ngati ndinu ameneyo, tiyeni tipitirire.

2. Yezani njinga yanu, osati kungoyang'ana

Mahandulo a njinga zamoto za m'tchire ali ndi makulidwe awiri pakati pamene amapanidwa. Akale ndi a mamilimita 22.2, amene m'masitolo amalemba kuti 7/8. Ena ndi onenepa pakati, mamilimita 28.6, olembedwa 1-1/8, ndipo amanka naonda mpaka kufika 22.2 kumapeto kumene mumagwira. Onenepawa anatchuka kuyambira 1991 pamene kampani ya ProTaper inatulutsa handulo yopanda kamtanda kapakati kaja. Renthal ya ku England, imene inayamba kupanga mahandulo a aluminiyamu mu 1969, ili ndi yake yotchedwa Fatbar. Mahandulo a composite a njinga zamoto amabwera kwambiri mu 28.6, pamene njinga zambiri zimene tili nazo kuno zinabwera ndi 22.2.

Bwerekani vernier, kachipangizo koyezera makulidwe, muyeze pamalo popanira. Ngati yanu ndi 22.2, mufunika zopanira zina zosinthira ku 28.6. Pa njinga zambiri zogwirira ntchito, theka la pansi la chopanira linaumbidwira kumodzi ndi chitsulo chogwira mafoloko, choncho zosinthirazo zimakhala pamwamba pake ndipo zimakweza handulo ndi masentimita angapo. Kukwera kumeneko kumadya utali wa zingwe za kilachi, throttle ndi buleki. Yesani musanagule: masulani handulo yakale, muikweze ndi dzanja mlingo womwewo, mukhotetse mbali zonse ziwiri muone ngati zingwe zikukokeka. Musalole munthu akuuzeni kuti apala zopanira zakale ndi tupa mpaka handulo yonenepa ilowe. Bowo lopala ndi manja silikhala lozungulira bwino, limaluma malo awiri kapena atatu okha, ndipo pamenepo ndi pamene carbon imayambira kuthetheka.

Yezaninso kapindikidwe ka handulo imene munazolowera: utali wonse, umene pa njinga za m'tchire umakhala pafupifupi mamilimita 800, msinkhu wake, ndi mmene mapeto ake abwererera kwa inu. Opanga amalemba manambala amenewa pa mtundu uliwonse. Handulo yodula yopindika mosagwirizana ndi mapewa anu idzakupwetekani kuposa yakale ija.

3. Pogula, chenjerani ndi zinthu zitatu

Choyamba, mahandulo ambiri otchipa a carbon amene mungaone pa intaneti ndi a njinga zakapalasa za m'mapiri. Mudzawadziwa ndi nambala ya pakati: 31.8 kapena 35. Kumapeto nawonso ndi 22.2, ndiye munthu amaona ngati zonse zikwana. Anapangidwira njinga imene mukhoza kuinyamula ndi dzanja limodzi, osati ya makilogalamu opitirira 100 yothamanga pa miyala. Musaiike pa njinga yamoto ngakhale mutapeza njira yoipanira.

Chachiwiri, pali mahandulo achitsulo kapena aluminiyamu ongokutidwa ndi pepala la mawangamawanga ooneka ngati carbon. Suzumirani kumapeto kwa paipi muone chimene chili mkati, ndipo gunditsani maginito: akakakamira, chimenecho ndi chitsulo. Handulo yeniyeni imabwera ndi dzina la wopanga, mizere yosonyeza popanira, ndi pepala la malangizo. Pepala limenelo musataye, muli manambala amene tiwafune kutsogoloku.

Chachitatu, musagule handulo ya composite yogwiritsidwapo kale ntchito, ngakhale ikuwala bwanji. Simudziwa kuti inagwa kangati kapena anaimanga ndani. Ambiri timaitanitsa zinthu zotere ku Johannesburg n'kubwera pa basi kudzera pa Mwanza. Muuzeni wokutumiziraniyo aisiye m'katoni yake, asaimangirire ndi zitsulo zina kapena kuiika pansi pa katundu wolemera. Ikafika iyendereni ngati mmene ndalongosolera pa nambala 9 musanaimange.

4. Masulani yakale ndi kukonza malo

Jambulani ndi foni mmene zingwe ndi mawaya zadutsira musanamasule chilichonse. Yalani chiguduli pa thanki. Ngati njinga ili ndi buleki ya mafuta kutsogolo, kabotolo kake kakhale choimirira, chifukwa mafuta a buleki amadya penti ndi chophimba chowala cha pa handulo. Akadontha, tsukani ndi madzi nthawi yomweyo.

Tsopano tengani zopanira zonse, zapakati komanso za zokokera buleki ndi kilachi, muziyendetse chala m'mphepete mwa mkati. Paliponse pamene pali lakuthwa kapena kachitsulo kotukuka, salazani ndi sandipepa wosalala, kungochotsa kuthwako basi, osakuza bowo. Tsukani mchenga wonse. Kamchenga kamodzi kopanikizidwa pakati pa chopanira ndi carbon kamaboola chophimba n'kuyamba kudula ulusi njinga ikamanjenjemera. Mabawuti a dzimbiri kapena opindika asinthidwe, ndipo mazinga ake akhale oyera.

5. Kudula mwina, kuboola ayi

Ngati mukufuna kufupikitsa handulo kuti muzidutsa bwino pakati pa mitengo, onani kaye ngati wopanga walola ndiponso mpaka pati. Yambani mwakwera nayo masiku angapo mutasunthira zogwirira mkati, kuti mudziwe utali umene mukufunadi. Podula, kulungani tepi pamalopo, gwiritsani ntchito sowo ya mano aang'onoang'ono, 32 pa inchi, osakanikiza, ndipo muzinyowetsa ndi madzi kuti fumbi lisauluke. Valani chotchinga pakamwa ndi pamphuno, fumbi la carbon si labwino m'mapapo. Chodulira mapaipi chija chozungulira chimafinya, ndiye musachiyandikize. Dulani mofanana mbali zonse ziwiri.

Kuboola ndi nkhani ina. Pa njinga zokhala ndi magetsi a pamsewu, timabokosi ta maswichi timakhala ndi kamano kamene kamalowa m'bowo la pa handulo kuti tisazungulire. Makaniko wozolowera chitsulo akaona kuti handulo yatsopano ilibe bowo, amangotenga drill. Mukanizeni. Bowo limadula ulusi umene ukunyamula katundu, ndipo lili pafupi ndi pamene dzanja lanu limakoka. Njira yake ndi kupala kamanoko ndi tupa mpaka kathe, kenaka kukulunga tepi yamagetsi kamodzi kapena kawiri pa handulo kuti kabokosi kagwire. Pa kabokosi ka throttle onetsetsani kuti sikakuzungulira mukamapotokola mwamphamvu. Ngakhale pa handulo yosakaniza ija ya aluminiyamu kunja, musaboole pokhapokha pepala la wopanga litanena kuti n'zololedwa.

6. Kumanga zopanira zapakati

Apa ndi pamene ndikufuna tichedwe, chifukwa malangizo ambiri amangoti "mangani mabawuti" n'kupitirira.

Chizolowezi chathu ndi kumanga mpaka sipanala ikane, kenaka kuwonjezerako pang'ono kuti mtima ukhale pansi. Ena amalumikiza paipi ku sipanala. Pa handulo yachitsulo choyamba kuwonongeka chimakhala bawuti, ndipo bawuti ndi yotchipa. Pa carbon choyamba kugonja ndi khoma la handulo, ndipo limagonja mobisika, pansi pa chopanira pamene simuona. Nthawi zina mumamva kakuti "the" kamodzi, nthawi zina osamva kanthu.

Mufunika torque wrench, sipanala imene mumaitchera mlingo wa mphamvu ndipo ikafika pamenepo imalira. Mphamvuyo imawerengedwa mu ma newton-metre, mwachidule Nm. Pa njinga zambiri za m'tchire mabawuti a zopanira zapakati amafuna pakati pa 20 ndi 28 Nm, koma nambala yoti mutsate ili m'buku la njinga yanu ndi pa pepala la handulo. Ziwirizo zikasiyana, tengani yaing'onoyo. Dziwaninso kuti torque wrench yaikulu ya pa galaja ya magalimoto, imene imayambira pa 40 Nm kupita m'mwamba, siingakuthandizeni. Funsani yaing'ono imene 20 ili mkati mwa manambala ake. Poigwiritsa ntchito gwirani pa chogwirira chake penipeni, kokani pang'onopang'ono mosadukiza, ndipo ikalira siyani pomwepo. Kuiliza kachiwiri ndi kachitatu "potsimikiza" kumawonjezera mphamvu.

Ngati torque wrench yasowa, ilipo njira ina yodalirika kuposa kungoganizira ndi dzanja. Tengani sikelo yolendewera ija amagulira nandolo ndi chimanga. Iyeseni kaye popachika chigubu chokhala ndi malita 5 a madzi. Iyenera kusonyeza makilogalamu 5 ndi pang'ono pa kulemera kwa chigubucho. Yezani masentimita 25 kuchokera pakati pa bawuti kutsata chogwirira cha sipanala, mukole mbedza ya sikelo pamenepo, ndipo mukoke mopingasa ndi sipanala, osati mopendekera. Sikelo ikasonyeza makilogalamu 8, mwafika pafupifupi 20 Nm. Ngati sipanala yanu ndi yaifupi ndipo mwakola pa masentimita 20, mufunika makilogalamu 10 kuti mufike pomwepo. Ndi ntchito ya anthu awiri, wina kugwira mutu wa sipanala kuti usaterereke, wina kukoka ndi kuwerenga. Mudzadabwa kuona kuti 20 Nm ndi mphamvu yochepa kuyerekeza ndi imene dzanja lanu linazolowera.

Musapake girisi pa handulo kapena mkati mwa chopanira. Girisi amachititsa handulo kuterereka, ndiye munthu amawonjezera kumanga kuti igwire, n'kuiphwanya. Mazinga a mabawuti nawonso musawanyike mu oyilo ngati buku silinatero, chifukwa bawuti yoterera imapana kwambiri pa nambala yomweyo. Opanga ena amalola phala lapadera lokhala ndi timchenga tofewa lothandiza carbon kugwira pa mphamvu yochepa. Ligwiritseni ntchito ngati pepala lanena.

Ikani handulo, mizere yake ikhale pakati penipeni, zopanira zonse ziwiri zikhale pa gawo lonenepa, osafika pamene payambira kuonda. Lowetsani mabawuti onse anayi ndi zala mpaka angogunda. Khalani pa njinga, kenaka imirirani pa zopondera, muzungulize handulo kutsogolo kapena kumbuyo mpaka mikono ikhale momasuka. Poyambira pabwino ndi kuilunjika ndi mzere wa mafoloko. Muziizunguliza mabawuti ali omasuka, chifukwa kuikakamiza itapanidwa kumakanda chophimba.

Ndondomeko yomangira siifanana pa njinga zonse, ndipo apa ambiri amasokoneza. Pa Honda ndi Yamaha zambiri, chipewa cha chopanira chili ndi kadontho kapena chizindikiro choloza kutsogolo. Mumamanga mabawuti akutsogolo poyamba mpaka mbali imeneyo itsekeke, kenaka akumbuyo, ndipo mpata umatsala kumbuyo kokha. Mpata umenewo ndi wadala. Makaniko akauona n'kufuna kuutseka, handulo yatha. Pa KTM ndi zopanira zambiri zogula padera, mpata uyenera kufanana kutsogolo ndi kumbuyo, ndiye mumamanga mopingasa, pang'ono apa pang'ono apo. Yang'anani zanu mudziwe kuti ndi za mtundu uti. Mulimonsemo musafike pa nambala yonse kamodzin'kamodzi: yambani ndi theka lake pa mabawuti onse, kenaka magawo atatu a magawo anayi, kenaka yonse. Mukamaliza lembani kamzere ka penti kapena maka kuchokera pa handulo kufika pa chopanira, kuti tsiku lina mudzaone msanga ngati yasuntha.

Ngati mwamanga pa nambala yoyenera koma handulo ikuzungulirabe mukaikankha, musawonjezere mphamvu. Masulani muone chifukwa chake: mwina pali mafuta, mwina zopanira si za 28.6 zenizeni, mwina zipewa zatsekeka mbali zonse ziwiri zisanagwire handulo, mwina mabawuti ndi aatali akugunda pansi pa bowo.

7. Zokokera, malabala ndi zoteteza manja

Timabawuti togwira chokokera buleki ndi kilachi ndi tating'ono ndipo timafuna mphamvu yochepa kwambiri, kawirikawiri yosapitirira 10 Nm, ndipo pa carbon wopanga akhoza kunena yocheperapo. Okwera m'tchire amakonda kumanga mongokwanira kuti chokokera chisasunthe pogwira ntchito koma chizungulire mukachimenya ndi chikhatho. Mukagwa chimazungulira m'malo mothyoka kapena kudinda handulo. Kukulunga tepi yoyera ija ya ma plumber pansi pake kumathandiza kuti chizungulire osakanda.

Malabala ogwirira ambiri timawalowetsa ndi petulo kapena thinner. Pa composite musatero. Gwiritsani ntchito guluu wa malabala amene wopanga walola, pamalo oyera ndi ouma, ndipo mudikire aume musanakwere. Ngati mukumanga ndi waya, potokolani mongokwanira kuti alowe mu labala. Pochotsa labala lakale m'tsogolo muno musalicheke ndi mpeni molunjika pa handulo.

Kumanja, paipi ya throttle isagunde kumapeto kwa handulo. Siyani kampata ka milimita imodzi kapena ziwiri kuti izibwerera yokha.

Zoteteza manja za chitsulo chozungulira zija zimagwira ndi kanthu kolowa mkati mwa handulo kamene kamafufuma mukamanga bawuti. Kameneka kamakankha khoma kuchokera mkati, ndipo bowo la mkati limasiyana kukula pa handulo yachitsulo, ya aluminiyamu ndi ya composite. Musakhomere kakale ndi hamala. Gulani kogwirizana ndi handulo yanu, ndipo ngati wopanga sanalole za mtunduwu, ikani zoteteza zapulasitiki zimene zimagwira pa chokokera.

Pali kanthu kena kamene kamazunguza anthu mutu. Pa njinga zina zakale, batani la hutala kapena lozimitsira injini limadalira handulo yachitsulo ngati njira yobwezera magetsi ku thupi la njinga. Mukaika ya carbon yokutidwa ndi utomoni, hutala imasiya kulira kapena injini imakana kuzima ndi batani. Musakande handulo kufuna kuti magetsi adutse. Kokani waya wina kuchokera pa batani kupita pa bawuti ya pa felemu.

8. Yesani musanapite kutali

Injini ili chozima, khotetsani mpaka kumapeto mbali zonse ziwiri. Zingwe zisakokeke, handulo kapena maswichi zisagunde thanki, throttle izibwerera yokha paliponse. Lizani injini mubwereze zomwezo: ikakwera yokha mukakhotetsa, chingwe cha throttle chikukokeka ndipo njinga imeneyo isachoke pakhomo. Yesani mabuleki, kilachi, hutala ndi batani lozimitsira. Ulendo woyamba ukhale waufupi, pa msewu wa fumbi umene mukuudziwa, ndipo pobwera yesaninso mabawuti onse, iliyonse pa nambala yake ija, osaposa.

9. Mukagwa

Wokwera m'tchire aliyense amagwa, makamaka mvula ikayamba dothi lofiira lija likaterera. Mukadzuka n'kuona kuti handulo yapenama, chizolowezi ndi kupana tayala ndi miyendo n'kukoka, kapena kupita kwa owotcherera ku Ndirande akaiwongole ndi paipi ndi moto. Handulo ya carbon siiwongoledwa, siitenthedwa, siiwotchereredwa. Siipindika n'komwe, ndiye mukaona kupenama, kawirikawiri ndi mafoloko amene apotoka m'zogwirira zake kapena malabala a pansi pa zopanira amene asuntha. Zimenezo zimakonzeka pomasula mabawuti a mafoloko ndi a ekiselo, kulunjika tayala, n'kumanganso. Ngati ndi yosakaniza ija ndipo aluminiyamu wakunja wapindikadi, isintheni. Aluminiyamu wowongoledwa amadzathyoka, ndipo carbon ya mkatiyo simungaione.

Kugwa kulikonse kumene handulo yamenya pansi mwamphamvu kumafuna kuyendera mukafika kunyumba. Kuyang'ana pamwamba sikukwanira. Masulani zokokera ndi zipewa za zopanira, chifukwa ming'alu imabisala pansi pake ndi m'mphepete mwake. Tsukani ndi madzi ndi sopo, pukutani, mupite nayo padzuwa. Funani mng'alu, malo otuwa ngati mkaka, chotupa, malo olowa mkati, kapena ulusi wotukuka. Musayendetse chala chopanda kanthu, timinga ta carbon timalowa m'khungu. Yendetsani kansalu kofewa muone ngati kakukodwa penapake. Kenaka tengani ndalama yachitsulo ya K10 muzigogoda pang'onopang'ono kuchokera kumapeto kufika pakati, mukuyerekeza kumanzere ndi kumanja. Malo abwino amalira mowala, malo amene magawo alekana amalira mogonthera. Pomaliza imangeni, panani tayala, mutsamire ndi thupi lonse mbali iliyonse mukumvetsera. Kulira kwa "tsetsetse" kapena mbali imodzi kugonja kuposa inzake ndi chizindikiro chokwanira.

Kukandika kwa chophimba chowala chokha si vuto lalikulu. Pakani vanishi woyera kuti madzi ndi dzuwa zisalowe. Koma chikandocho chikafika pa ulusi wakuda, kapena mwapeza chimodzi mwa zizindikiro zija, ichotseni. Kugogoda ndi ndalama sikugwira vuto lililonse, choncho kugwa kukakhala kwakukulu, monga njinga kugubuduzika kapena kuombana ndi mtengo, ine ndimati isintheni ngakhale simunapeze kanthu. Guluu wa m'machubu awiri wa m'mashopu sangabweze ulusi woduka. Handulo ikathyoka mukutsika chitunda cha ku Chikwawa, dzanja limodzi limatsala ndi chidutswa ndipo palibe chimene mungachite. Imene mwaichotsa iduleni pakati musanaitaye, kuti isakapezeke pa msika wina n'kuigula.

10. Masiku onse

Mukakweza njinga pa pickup kapena pa lole, musalole kuti amange zingwe pa handulo n'kukoka mpaka mafoloko atsike. Mangani pa chitsulo cha pansi chogwira mafoloko, ndi malamba ofewa. Musapachike zigubu kapena matumba olemera pa handulo, ndipo musaitsamiritse pa khoma la njerwa. Dzuwa la mu October limafooketsa utomoni pakapita nthawi ngati chophimba chatha, ndiye imikani pamthunzi kapena phimbani. Mvula ikatha, masulani zopanira kamodzi mutsuke matope olowa pansi pake, chifukwa carbon ikakhudzana ndi aluminiyamu pali chinyezi, aluminiyamu amayamba kudyeka n'kutulutsa ufa woyera. Mukaona ufa umenewo, yeretsani, onani ngati chopanira sichinakumbike, ndipo pomanganso bwererani ku nambala 6 ndi sikelo kapena torque wrench yanu. Mukasiya njinga kwa makaniko pa ntchito ina iliyonse, muuzeni kuti mabawuti a pa handulo asawakhudze inu palibe.